Patsy Cline: nyimbo 12 zomwe mwini wake sadazione pa chimbale chimodzi

Pa 13 Malichi 1967 kampani ya Decca ku America idatulutsa chimbale cha nyimbo 12 chotchedwa Patsy Cline's Greatest Hits. Mwini mawu a pa chimbalecho adali atagona m'manda zaka zinayi. Sadasankhe nawo nyimbozo, chikuto chake sadachione, ndipo pa ndalama za malonda ake palibe ngakhale khobidi lomwe lidadutsa m'manja mwake. Poyamba chimbalecho sichidachite phokoso, chidangofika pa nambala 17 pa mndandanda wa Billboard wa zimbale za chamba cha country zomwe zinkagulidwa kwambiri. Koma chidakana kuyiwalika. Chaka ndi chaka anthu adapitiriza kuchigula, pa mbale zakuda zija, kenako pa makaseti, kenako pa ma CD, kufikira mu 2005 pamene bungwe la RIAA, lomwe limawerengera malonda a nyimbo m'dzikolo, lidatsimikiza kuti makope 10 miliyoni adali atagulidwa.

Chimbalechi n'chachifupi, munthu amachimvetsera chonse m'mphindi zongopitirira pang'ono 30. Nyimbo zake zonse zidajambulidwa pakati pa Novembala 1960 ndi Febuluwale 1963, miyezi 27 yokha, pamene mayiyu adakhala akuyimba pagulu kwa zaka pafupifupi 15. Wochimvetsera amakumana ndi mkazi wa mawu osalala, wodekha, wodandaula za chikondi chomwe chatha. Mkazi amene adayimba nyimbozo adali wina ndithu: wamakani, wapakamwa posabisa mawu, wokonda nyimbo zothamanga zovinira m'mabala, ndipo zitatu mwa nyimbo zake zotchuka kwambiri adayamba wazikana asadazijambule.

Kwa Amalawi ndi Azambia amene amakhala ku Woodbridge ndi madera ena ozungulira mzinda wa Washington, mbiri iyi ndi ya pakhomo. Dzina la Patsy Cline anthu amaligwirizanitsa ndi mzinda wa Nashville, likulu la nyimbo za country, koma adakhalako zaka zinayi zokha zomaliza za moyo wake. Luso lake adalisulira m'chigawo cha Virginia, ku Maryland ndi mu Washington momwemo.

Mwana wa telala

Adabadwa pa 8 Seputembala 1932 ku Winchester, tawuni ya m'chigwa cha Shenandoah yodziwika ndi ulimi wa maapulo, pa mtunda wa makilomita pafupifupi 120 kuchokera ku Washington. Dzina lake lenileni lidali Virginia Patterson Hensley. Mayi ake, a Hilda, adali ndi zaka 16 pomubereka, ndipo bambo ake, a Samuel Hensley, amene ntchito yawo idali yosula zitsulo, adali aakulu kwa mkazi wawoyo ndi zaka zoposa 25. Iyi idali nthawi ya umphawi wadzaoneni ku America, chuma cha dzikolo chitagwa mu 1929. Banjali linkangosamukasamuka m'matawuni a ku Virginia kutsata komwe kwamveka ntchito, moti mtsikanayu sadakhazikike pa sukulu imodzi.

Ali ndi zaka 13 adagonekedwa m'chipatala ndi nthenda ya pakhosi yomwe idafika pokhudza mtima. Iye mwini ankakhulupirira kuti mawu ake aakulu aja adabwera atachira nthendayo. Kaya zidalidi choncho kaya ayi, kuyambira pamenepo kuyimba kudamulowa m'magazi. Ankayimba ndi mayi ake mu kwaya ya mpingo wa Baptist, piyano adaiphunzira yekha pongomvetsera, ndipo mpaka imfa yake sadadziwe kuwerenga manotsi a nyimbo. Sukulu yake idali wailesi, pomwe ankamvera oyimba za country komanso akazi oyimba pop monga Kay Starr ndi Patti Page.

Bambo ake atalisiya banjalo, a Hilda adakakhala ndi ana awo atatu m'kanyumba ka mu msewu wa South Kent ku Winchester mu 1948. Chakudya chinkachokera pa makina osokera. Virginia, yemwe adali woyamba kubadwa, adasiya sukulu ya sekondale kuti athandize pakhomo. Adagwirapo ntchito kufakitale yophera nkhuku, kudepoti ya mabasi, komanso m'sitolo ya mankhwala ya Gaunt's, momwe ankagulitsa zakumwa zoziziritsa kukhosi. Usiku ndiye ankayimba paliponse pomwe amulola.

Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Palibe amene adamuyitana ku wailesi ya WINC ya m'tawuniyo: adangopita yekha n'kukapempha muulutsi wina, Jim McCoy, kuti amulole ayimbe ndi bandi yake, ndipo adamulola. Mu 1948 adapeza mwayi wokayesedwa ku Nashville. Banja lonse lidayenda usiku pa galimoto, koma ndalama zogonera kumeneko padalibe, ndipo adabwerera chimanjamanja.

Ku Winchester kudali magulu awiri a anthu, a ndalama ndi a mu South Kent, ndipo a ndalamawo sankamuwerengera mtsikanayu. Ankavala buluku pa nthawi yomwe akazi aulemu wawo sankatero, milomo ankaipaka zofiira, ankayimba m'malo omwera mowa, ndipo mwamuna akamulankhula zachipongwe ankamubwezera pomwepo. Mnyozo umenewu udamutsata ngakhale atatchuka, ndipo udatsalira m'tawuniyo iye atamwalira.

Mu 1952 adalowa bandi ya Bill Peer, yomwe Loweruka lililonse inkayimba m'holo ina ku Brunswick, m'chigawo cha Maryland. Peer ndiye adamupatsa dzina loti Patsy, kulichotsa ku dzina lake lapakati la Patterson. Dzina la Cline lidabwera ndi ukwati: pa 7 Malichi 1953 adakwatiwa ndi Gerald Cline wa ku Frederick. Mwamunayo ankafuna mkazi wokhala pakhomo, ndipo ukwatiwo udatha mu 1957. Dzina lokha ndilo lidatsala.

Zaka za ku Washington ndi mgwirizano womanga manja

Anthu ambiri lero sadziwa kuti m'zaka za m'ma 1950 mzinda wa Washington udali msika waukulu wa nyimbo za country. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse ndi zaka zotsatira zidakokera kumeneko anthu miyandamiyanda ochokera m'midzi ya kummwera ndi kumapiri, ena kudzagwira ntchito m'maofesi a boma, ena m'misasa ya asilikali monga Fort Belvoir ndi Quantico, yomwe Woodbridge ili pakati pake. Munthu amene ali kutali ndi kwawo amalakalaka nyimbo za kumudzi, monga momwe ankachitira makolo athu amene adakagwira ntchito ku Johannesburg ndi ku Bulawayo. Wamalonda wina, Connie B. Gay, adaona njala imeneyi n'kuyamba mapulogalamu otchedwa Town and Country, poyamba pa wailesi ya WARL ku Arlington, kenako pa wailesi ya kanema ya WMAL.

Patsy adapata mphotho ya madola 100 pa mpikisano wa oyimba, ndipo izi zidamutsegulira khomo la mapulogalamu a Gay. Kuyambira kumapeto kwa 1955 ankaoneka pa kanema limodzi ndi Jimmy Dean ndi bandi yake, atavala zovala za abusa a ng'ombe a kumadzulo kwa America, zamphonje ndi zonyezimira, zomwe mayi ake ankasoka. Apa m'pamene adaphunzira kuyima patsogolo pa kamera ndi kugwira mitima ya anthu oledzera, otopa ndi ntchito ya sabata yonse. Ankayimba mwamphamvu, nthawi zina mobangula, ndipo ankanyadira kwambiri kayimbidwe kotchedwa yodel, kolumphitsa mawu kuchoka pansi kupita pamwamba mwadzidzidzi.

Koma pofika nthawi imeneyi adali atadzimanga kale. Pa 30 Seputembala 1954 adasayina mgwirizano ndi kampani ya 4 Star Records ya Bill McCall, ya ku California. Gawo lake pa malonda lidali 2.34 pa 100 iliyonse, pafupifupi theka la zomwe oyimba ena ankalandira. Choyipa kwambiri chidali chakuti McCall ndiye ankasankha nyimbo zoti ajambule, ndipo ankasankha zomwe umwini wake udali m'manja mwa kampani yake, kuti phindu la wolemba nyimbo lizibwereranso kwa iye. Ndalama zolipirira situdiyo ankazidula pa kagawo kochepa ka woyimbayo. Oyimba a ku Malawi amene adagulitsapo nyimbo zawo pa mtengo wa lero lokha chifukwa cha njala, kenako n'kumaona ena akulemera nazo, nkhaniyi sangayimve ngati yachilendo.

Kujambula kudayamba pa 1 Juni 1955 ku Nashville, pansi pa katswiri wojambula nyimbo Owen Bradley, chifukwa McCall adagwirizana ndi Decca kuti ndiyo izijambula ndi kugulitsa nyimbozo. M'zaka zisanu Patsy adajambula nyimbo pafupifupi 50 pansi pa mgwirizanowu. Imodzi yokha ndiyo idagunda.

Nyimboyo ndi Walkin' After Midnight, yolembedwa ndi Alan Block ndi Donn Hecht. Iye sadaikonde, ankaiona ngati ya pop osati ya country, koma adaijambula mu Novembala 1956. Pa 21 Januwale 1957 adakayimba nyimboyi ku New York pa mpikisano wa pa kanema wa Arthur Godfrey's Talent Scouts, womwe unkaoneredwa m'dziko lonse. Lamulo lidali lakuti wopikisana aperekezedwe ndi munthu amene adatulukira luso lake, osati wachibale, choncho a Hilda adangodzionetsa ngati munthu wotere osaulula kuti ndi mayi ake. Akuluakulu a pulogalamuyo adamuuzanso Patsy kuti asiye zovala za abusa zija avale diresi. Wopambana ankadziwika ndi makina oyeza phokoso la kuwomba m'manja, ndipo usiku umenewo muvi wa makinawo udafika pamapeto. Decca idatulutsa nyimboyo mwachangu mu Febuluwale, ndipo idafika pa nambala 2 pa nyimbo za country ndi nambala 12 pa za pop.

Aliyense akadaganiza kuti basi, njira yatseguka. Sizidatero. Nyimbo zotsatira, zosankhidwa ndi McCall, zidagwa imodzi ndi imodzi, ndipo ndalama za nyimbo yotchuka ija zambiri zidathera m'madulidwe a kampani. Mu Seputembala 1957 adakwatiwa ndi Charlie Dick, amene ankagwira ntchito yosindikiza nyuzipepala ku Winchester, ndipo adamutsatira ku North Carolina komwe mwamunayo adali pa usilikali. Mwana wawo woyamba, wamkazi, adabadwa mu 1958. Ukwatiwu udali wa chikondi chotentha komanso mikangano yosatha. Mu 1959 banjali lidasamukira ku Nashville, ndipo woyimba amene dziko lonse lidamuwombera m'manja zaka ziwiri m'mbuyomo ankavutika kulipira lendi.

Miyezi 27

Zinthu zidatembenuka mu 1960. Pa 9 Januwale adalandiridwa kukhala membala wa Grand Ole Opry, pulogalamu ya pa wailesi yomwe ndi bwalo lalikulu la oyimba country. Ena amadikira kuyitanidwa, iye adachita kupempha. Adapezanso manijala watsopano, Randy Hughes. Choposa zonse, mgwirizano wa 4 Star udatha, ndipo adasayina ndi Decca mwachindunji. Kwa nthawi yoyamba iye ndi Owen Bradley adali ndi ufulu wosankha nyimbo kwa wolemba aliyense.

Bradley adali ndi malingaliro ake. Kuyambira 1956 nyimbo za rock and roll za Elvis Presley ndi anzake zidalanda achinyamata, ndipo malonda a country adatsika. Bradley ku Decca ndi Chet Atkins ku RCA adaganiza zosaka makasitomala achikulire a m'matawuni. Adachepetsa zida za kumudzi zolira mwaphokoso, n'kuyika patsogolo piyano, mavayolini ambiri oyimba pamodzi, ndi magulu a mawu othandizira kumbuyo. Kayimbidwe aka kadatchedwa Nashville Sound. Amalawi amakadziwa bwino ngakhale ena sadziwa dzina lake: ndi kayimbidwe ka Jim Reeves, amene mawu ake akhala akumveka m'nyumba ndi pa mawailesi a kwathu kwa zaka zambirimbiri.

Patsy sadafune kutsata njira imeneyi. Pa 16 Novembala 1960, pojambula I Fall to Pieces, yolembedwa ndi Hank Cochran ndi Harlan Howard, adakangana ndi Bradley. Ankaopa kuti gulu la amuna anayi la Jordanaires, lomwe linkayimbiranso Elvis, limiza mawu ake, ndipo ankafuna kuyimba mothamanga ndi mokweza monga ankachitira m'maholo a ku Maryland. Bradley adaumirira kuti abweze mphamvu. Adagonja. Nyimboyo idatuluka mu Januwale 1961, mwezi womwe adabereka mwana wake wachiwiri, wamwamuna, ndipo idakwera pang'onopang'ono mpaka pa nambala 1 mu Ogasiti.

Pa mkangano umenewu Bradley ndiye adalondola, ndipo chifukwa chake chimamveka pa chimbale. Woyimba wa mawu ang'ono akayimba motsitsa, womvera amangomva mawu ang'ono. Koma mawu aakulu akabwezedwa, womvera amamva mphamvu yomwe yatsekeredwa, ngati munthu amene akudziletsa kulira pamaliro. Patsy adaphunzira kuchedwa pang'ono kumbuyo kwa ng'oma, kukoka liwu limodzi n'kulisiya lithyoke kumapeto, kupuma pomwe womvera sakuyembekezera. Zimene adaphunzira m'mabala sizidatayike, zidangolowa pansi.

Nyimboyo ili mkati mokwera, pa 14 Juni 1961, galimoto yomwe adakwera ndi mchimwene wake idawombana ndi ina ku Nashville. Anthu awiri a m'galimoto inayo adamwalira. Patsy adaponyedwa pa galasi lakutsogolo, adang'ambika pamphumi, dzanja lidathyoka ndipo fupa la m'chiuno lidaguluka. Adakhala m'chipatala mwezi wathunthu, ndipo chipsera cha pamphumicho ankachibisa ndi tsitsi loyikirira ndi zodzoladzola moyo wake wonse. Ali chigonere, adamva pa wailesi mtsikana wina wachilendo mu Nashville akuyimba I Fall to Pieces momufunira kuchira. Adatuma mwamuna wake kuti akamutenge. Mtsikanayo adali Loretta Lynn, ndipo ubwenzi wawo udayambira pambali pa bedi la m'chipatalalo.

Mu Ogasiti adabwerera mu situdiyo akuyendera ndodo. Nyimbo yomwe idali pa tebulo idali Crazy, ya mlembi wina amene dzina lake lidali lisadamveke, Willie Nelson. Iyinso sadaikonde, makamaka chifukwa cha momwe Nelson adaiyimbira poyionetsa, modumphadumpha ngati akulankhula. Nthiti zinkamupwetekabe moti mawu apamwamba sankawafika. Oyimba zida, kuphatikizapo Floyd Cramer pa piyano, adajambula gawo lawo, ndipo iye adabweranso tsiku lina n'kuyimba nyimbo yonse kamodzi kokha, osabwereza. Idafika pa nambala 2 pa country ndi nambala 9 pa pop, ndipo idadzakhala imodzi mwa nyimbo zomwe zidayimbidwa kwambiri m'mbiri ya makina a jukebox, oyimba munthu akaponyamo ndalama.

Kuchokera apa zinthu zidathamanga. Mu Novembala 1961 adayimba ku Carnegie Hall ku New York ndi anzake a ku Opry. She's Got You, nayonso ya Cochran, idafika pa nambala 1 mu 1962 ndipo idamudziwitsa ku Britain. Adayimba ku Hollywood Bowl pa phwando la Johnny Cash, kenako masiku 35 otsatizana ku Mint Casino ku Las Vegas. Adagula nyumba yake ku Goodlettsville, kunja kwa Nashville, yomwe sadakhalemo ngakhale chaka chathunthu.

Phunziro la McCall adalisunga. Okonza maphwando a nyimbo nthawi imeneyo ankakonda kuthawa ndi ndalama za pakhomo oyimba ali pa nsanja, choncho iye sankakwera pa nsanja asadalandire zake m'manja. Kwa akazi anzake pa ntchitoyi adali ngati mkulu wawo. Loretta Lynn ndi Dottie West adalandirapo kwa iye zovala, ndalama ndi malangizo a momwe angakhalire pakati pa amuna amene ankayendetsa malonda onse a nyimbo. Izi sizimveka pa chimbale chilichonse, koma zidathandiza kuti dzina lake lisafe, chifukwa akaziwa atatchuka sadasiye kumutchula.

Kumayambiriro kwa Febuluwale 1963 adajambula nyimbo zake zomaliza, kuphatikizapo Sweet Dreams ya Don Gibson ndi Faded Love. Pa 3 Malichi adakayimba ku Kansas City, m'chigawo cha Kansas, pa phwando lopezera thandizo banja la muulutsi wa pa wailesi Jack Call, amene adafa pa ngozi ya galimoto. Tsiku lotsatira kudachita chifunga ndipo ndege sizidanyamuke. Dottie West adamupempha kuti abwerere limodzi pa galimoto, koma iye adasankha kudikira ndege. Pa 5 Malichi adanyamuka pa kandege ka mtundu wa Piper Comanche, koyendetsedwa ndi manijala wake Randy Hughes, pamodzi ndi oyimba ena awiri, Cowboy Copas ndi Hawkshaw Hawkins. Atayima ku Dyersburg, ku Tennessee, kuti athire mafuta, adachenjezedwa kuti kutsogolo nyengo siili bwino. Hughes, amene sadaphunzire kuyendetsa ndege podalira zida zokha kunja kusakuoneka, adaganiza zopitiriza. Adanyamuka 6 koloko madzulo itangodutsa, ndipo posakhalitsa ndegeyo idagwa m'nkhalango pafupi ndi Camden, makilomita pafupifupi 140 kuti afike ku Nashville. Onse anayi adafera pomwepo. Patsy adali ndi zaka 30. Adayikidwa m'manda ku Winchester.

Moyo wa chimbale

Ali moyo adatulutsa zimbale zitatu zokha. Chimbale cha 1967 chidasonkhanitsa zokolola za miyezi 27 ija n'kusiya zina zonse. Mulibe yodel, mulibe nyimbo zauzimu, mulibe zothamanga za m'mabala zomwe iye ankazikonda. Ngakhale Walkin' After Midnight yomwe imatsegula chimbalechi si ija idagwedeza dziko mu 1957. Ndi ina yomwe adaijambulanso mu 1961 pansi pa Decca, yosalala, Jordanaires ali kumbuyo. Zaka zonse za ku Washington ndi za 4 Star zidafufutika pa chimbalechi ngati sizidachitike.

Munthu angadandaule kuti uku kudali kumuchepetsa, ndipo dandaulolo lili ndi maziko. Komabe kusankha kumeneku ndiko kudachipatsa chimbalechi moyo wautali. Zimbale zambiri zosonkhanitsa nyimbo zotchuka zimakhala ngati dengu la zogulagula za kumsika, nyimbo za zaka zosiyana, ojambula osiyana, mamvekedwe osiyana. Ichi chidachokera kwa wojambula mmodzi, mu mzinda umodzi, ndi oyimba zida pafupifupi omwewo, pa nkhani imodzi ya mtima wosweka, moti chimamveka ngati chidakonzedwa tsiku limodzi. Munthu amene sakonda country amatha kuchimvetsera osazindikira kuti ndi country.

Mu 1973 Patsy Cline adakhala mkazi woyamba woyimba payekha kulowetsedwa mu Country Music Hall of Fame, ndipo chaka chomwecho kampani ya MCA, yomwe idameza Decca, idatulutsanso chimbalecho. Mbadwo watsopano wa akazi oyimba udayamba kutola nyimbo zake. Linda Ronstadt, amene pa nthawiyo adali pamwamba pa nyimbo za rock, adajambula Crazy mu 1976. Chaka chomwecho Sweet Dreams idafika pa nambala 1 pa mndandanda wa country, pamene ya Patsy mwini idathera pa nambala 5 mu 1963. Woyimba amene adaikweza pamenepo ndi Emmylou Harris, mwana wa msilikali, amene adakhala ku Woodbridge pa utsikana wake n'kumaliza maphunziro pa sukulu ya Gar-Field ali woyamba m'kalasi mwake, ndipo naye luso lake lidadziwikira m'malo oyimbira a mu Washington. Loretta Lynn adatulutsa chimbale chokumbukira mnzakeyo mu 1977.

Nkhani ya Jim Reeves idakumananso ndi yake m'njira yodabwitsa. Reeves adafa pa 31 Julayi 1964, nayenso pa ngozi ya kandege m'nyengo yoyipa pafupi ndi Nashville, patangotha miyezi 16 Patsy atamwalira. Awiriwa sadajambulepo nyimbo limodzi, koma padali nyimbo zomwe aliyense adaziyimba payekha. Mu 1981 Owen Bradley adatenga matepi akale n'kulumikiza mawu awo pa Have You Ever Been Lonely, ndipo nyimbo ya anthu awiri akufa idafika pa nambala 5. Ena adaziona ngati ulemu, ena ngati malonda a pamanda. Zonse ziwiri zidalipo.

Mafilimu ndiwo adakankha malonda kwambiri. Mu Coal Miner's Daughter ya 1980, yofotokoza moyo wa Loretta Lynn, Beverly D'Angelo adasewera ngati Patsy. Mu 1985 kudatuluka filimu ya moyo wa Patsy mwini, momwe Jessica Lange adasewera mawu a pa nyimbo ali a mwini wake, ndipo Lange adasankhidwa kupikisana nawo pa mphotho ya Oscar. Charlie Dick, amene adakhala ndi moyo mpaka 2015, ankatsutsa momwe filimuyo idaonetsera ukwati wawo. Mu 1988 chimbale chija chidatuluka pa CD, mu 1990 Crazy idalowa pa mndandanda wa nyimbo zotchuka ku Britain, mu 1993 nkhope yake idaoneka pa sitampa ya positi ya America, ndipo mu 1995 adapatsidwa mphotho ya Grammy yolemekeza ntchito ya moyo wonse. Buku la Guinness lidalemba chimbalechi kuti ndicho cha woyimba wamkazi chomwe chidakhala nthawi yayitali kwambiri pa mndandanda wa ku America, masabata 722.

Ku Winchester zinthu zidayenda mochedwa. Alendo ankabwera kuchokera kutali kudzaona manda ake, koma kwa zaka zambiri akuluakulu a tawuniyo sadaonetse chidwi chomulemekeza, ndipo ngakhale ganizo lotcha msewu dzina lake lidakumana ndi otsutsa. A Hilda adapitiriza kusoka zovala m'tawuni yomweyo, ndipo adamwalira mu 1998 nyumba ya mu South Kent isadakhale malo okumbukira mwana wawo. Idatsegulidwa kwa alendo mu 2011, ndipo mu 2021 boma la America lidailemba m'gulu la malo ofunika pa mbiri ya dziko. Kuchokera ku Woodbridge ndi ulendo wosakwana maola awiri pa galimoto. Nyumbayo ndi yaying'ono, yofoleredwa ndi malata, ndipo m'mwamba muli chipinda chogona chimodzi, momwe a Hilda ndi ana awo atatu ankagona onse.